Palibe Chatsopano Kuchokera kwa Mayi Ako

2 Febuluwale

Mwana wanga Kamafunso,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino. Ife kuno tikudzuka, kupatula bondo langa lakumanzere limene layamba kudziwa za mvula kuposa anthu a zanyengo a pa wailesi. Mayi ako ali bwino, kungoti makutu aja akunka nagontha, ndipo maso sakuonanso zilembo. Ulusi amaulowetsa m'singano pongopapasa, koma cholembera anachisiya. Ndiye mlembi wa nyumba ino ndine.

Usavutike ndi kuimba. Kafoni kamene unandisiyira kali m'kabati, kozimitsa, pamodzi ndi mbale za alendo. Ine ndinagwira uopareta wa lamya zaka 31, kulowetsa zingwe m'mabowo ndi manja angawa, ndipo sindingakhulupirire lamya imene pakati pake palibe munthu. Komanso mayi ako ukawapatsa foni amangoti "Ndani? Ndani?" mpaka batire kutha. Tizilemberana.

Tsopano nkhani ndi iyi. Miyezi isanu yatha chichokere iwe, ndipo anthu akundifunsa za ntchito yako. Wometa wa pakona akuuza makasitomala ake kuti umayendetsa roketi. Amayi ogulitsa mazira aja akuti anamva kuti chaka chamawa ukukwera wekha kumwambako, ndipo akufunsa ngati unanyamula zofunda zokwanira. Ine ndimangogwedeza mutu ngati wodziwa, koma khosi layamba kuwawa. Undilembere momveka bwino, ngati ukufotokozera mwana wa sukulu.

Mayi ako akuti ndikufunse kuti ubwera liti.

Ndine bambo ako,
Opareta wopuma


15 Febuluwale

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaseka ndekha m'kantini mpaka anzanga kutembenuka. Ndili bwino. Wometayo mumuuze kuti ngakhale njinga sindiyendetsa bwino. Ndimakhala pa mpando, m'chipinda chopanda zenera, ndi makompyuta atatu ndi kapu imodzi yothyoka chogwirira.

Ntchito yake ili chonchi. Kumwambaku kuli masetilaiti ambirimbiri, iliyonse ndi eni ake. Kuti eni akewo alankhule ndi setilaiti yawo amafunika mbale yoyang'ana kumwamba, yonga ya TV koma yaikulu kuposa nyumba yathu. Vuto ndi loti setilaiti imathamanga. Imadutsa pamwamba pa mbale yanu mphindi khumi zokha, kenako yapita kutsidya lina la dziko. Ndiye makampani amabwerekana mbale. Koma kampani iliyonse inapanga makina ake mwa nzeru zake. Awa amayamba kulemba nthawi kenako lamulo, awo amayamba lamulo kenako nthawi, enanso ali ndi kawerengedwe kawokawo. Makina a uyu akalankhula, a uyo amangoti duu.

Ine ndimalemba pulogalamu ya pakompyuta yokhala pakati pawo. Woyendetsa setilaiti akatumiza lamulo, tinene kuti "tembenuka pang'ono kumanja", pulogalamu yanga imalilandira, n'kulilemba m'kalembedwe kamene mbale yobwerekayo imamva, n'kulipereka, kenako n'kubweza yankho loti lafika. Siithira mchere, siisintha tanthauzo. Chinthu chimodzi chokha ndicho imachotsa. Nthawi zina chingwe chikachita chibwibwi, makina amatumiza lamulo lomwelo kawiri. Tsono ndinaiphunzitsa kuti mawu omwewo akabweranso kuchokera kwa munthu yemweyo, achiwiriwo izitaya, poti anafika kale. Kupanda kutero setilaiti ingamangozungulira ngati nguli.

Mu Juni tili ndi mayeso aakulu. Makampani atatu: setilaiti ya awa, mbale ya awo, oyendetsa ali kwinanso, ine pakati. Zikadzayenda bwino mudzamuuze wometa kuti ndi bwino kuposa roketi.

Amayi, za kubwera sindikudziwa panopa, zidzadziwika mayesowo akatha. Jekete munandisokera lija ndimavala tsiku lililonse, chifukwa chipinda chathu amachiziziritsa kuti makompyuta asatenthe. Za anthu safunsa.

Mwana wanu,
Kamafunso


1 Malichi

Mwana wanga,

Landira moni wa kuno. Kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo wachitatuwo ndinayamba ndavala tayi. Kani sukulu yonse ija unkaphunzira ntchito ya bambo ako? Ukanandifunsa ndikanakuphunzitsa pakhonde pompano. Ifetu munthu ankaimba, nyale n'kuyaka pa bolodi, ine n'kufunsa kuti mukufuna ndani, n'kulowetsa chingwe m'bowo loyenera. Anthu awiri amene sakanapezana okha ankapezana m'manja mwanga. Kusiyana kwake n'kwakuti makasitomala ako satukwana.

Wometa ndamuuza kuti mwana wanga ndi opareta wa kumwamba. Wakhumudwa pang'ono, roketi ija inkamukokera anthu.

Lamulo lako lotaya uthenga wobwereza landigwira mtima. Tikanakhala nalo ife, bwenzi ndilibe imvi zonsezi. Kunali mkulu wina wa golosale amene ankaimba kasanu ndi kawiri pa tsiku kufunsa ngati sitima yafika, ndipo ine ndinkamulumikiza ulendo uliwonse ngati chitsiru. Ndiye ndagula kope la chikuto cholimba, ndajambula mizere ndi rula: tsiku, nthawi, wotumiza, uthenga. Kuyambira lero uthenga uliwonse wa pakati pa nyumba ino ndi iwe uziyenda mwa dongosolo lamakono. Mayi ako akuti ndikusowa chochita. N'zoona, koma nanga ndi mlandu?

Nkhani za kuno: geti lasiya kulira nditalithira mafuta a makina osokera, ndipo nkhani ya mafutawo sitinamalize kukambirana. Mng'ono wako amusamutsira ku wodi ya ana kuchipatala kwawo kuja, akuti azitiyendera kamodzi pa mwezi.

Kuchokera kwa mayi ako palibe chatsopano.

Bambo ako,
Opareta mnzako


21 Malichi

Ababa,

Ndili bwino, kaya inu ndi bondo. Udindo wa uopareta ndaulandira ndi manja awiri, ndipo anzanga ndawauza kuti luso ndi la m'magazi.

Tayamba kukonzekera mayeso aja. Setilaiti imene tidzagwiritse ntchito ndi yakalekale, yojambula zithunzi za minda ndi mitsinje. Amaiyendetsa bambo wina wa kampani inayo amene tonse timawatchula a Ndevu, ndipo iwo setilaitiyo amaitchula Nkhalamba. Amailankhula monyengerera, koma pulogalamu yanga amaiyang'ana ngati mkamwini wosadziwika kwawo. Dzulo anandiuza kuti akhala akumvana ndi Nkhalamba zaka 19 popanda womasulira, ndiye sakuona chimene kamtsikana ka jekete kabwera kudzakonza. Ndinawagawira mtedza, tsopano tikumwetulirana pang'ono.

Pali nkhani ina yofuna maganizo. Abwana anandiitana. Kampani yathu ili ndi mbale yaikulu kuchipululu, ulendo wa masiku awiri kuchokera kuno, ndipo akufuna munthu wokakhala kumeneko zaka ziwiri kuyang'anira pulogalamuyi. Ndi kukwezedwa pantchito, koma amene wapita kumeneko salandira tchuthi chachitali mpaka zaka ziwirizo zitatha. Ndikakana nditsala pa mpando wanga womwewu, ndipo ndikhoza kutenga tchuthi cha mwezi wathunthu mu Seputembala n'kubwera kwathu. Fomu andipatsa, yankho akulifuna pofika pa 30 Juni.

Amayi akuti chiyani? Kalata yanga ija munawawerengera?

Mwana wanu


3 Epulo

Mwana wanga,

Talandira, tili bwino. Ine ndinadikira kukwezedwa zaka 31, ndipo chimene ndinalandira ndi wotchi ya pakhoma imene imachedwa mphindi zinayi. Ndiye mwayi ngati umenewo sindingakuuze kuti uukankhe. Koma mutu ndi wako, uganize wekha. A Ndevuwo uziwalemekeza, munthu wolankhula ndi makina monyengerera amakhala wodziwa ntchito.

Kalata yako ija ndinawawerengera mayi ako, anamva, ndipo pa jekete paja anamwetulira. Mphaka wa a neba waswera m'bokosi langa la zida, ana anayi, moti hamala ndikuchita kupempha chilolezo kuti nditenge.

Kuchokera kwa mayi ako palibe chatsopano.

Bambo ako


2 Meyi

Mng'ono wanga,

Iyi ndalembera iwe wekha, usakaionetse kunyumba. Uli bwanji ndi tiana tako ta m'wodi? Ndamva kuti tsopano umabaya anthu osatha kuthawa.

Undiuze zoona, Amayi anandikwiyira? M'kalata iliyonse tsopano, Ababa amalemba za geti, za mphaka, za wometa, ndipo kumapeto mzere womwewo, palibe chatsopano kuchokera kwa mayi ako. Ngakhale moni. Amayi omwe aja, amene sangaone munthu akudutsa pamsewu osamuuza kuti kolala yapindika, lero asowa mawu ndi mwana wawo? Ndimafunsa m'kalata iliyonse kuti akuti chiyani, yankho ndi lomwelo.

Pali chimene sindinakuuze. Tsiku lonyamuka lija, pa depoti, iwe utapita kukagula madzi, Amayi anati, "Pita, ife tinazolowera kusiyidwa." Ine ndi kamwa langali ndinayankha kuti, "Ndiye simuvutika." Basi inaliza hutala, ndinakwera. Mawu amenewo amandiluma mpaka lero. Ndinkadzitonthoza kuti jekete lija linali chikhululuko, koma anali atalisoka kale tisanayambane.

Ngati sakundifuna panopa, bola ndipite kuchipululuko zaka ziwirizo mitima izizire. Kukhala mwezi wathunthu m'nyumba ndi munthu wosakulankhula, ine sindingathe. Ukapita kunyumba ukandionereko. Usakafunse mwachindunji, ukudziwa mmene amachitira akaona kuti munthu watumidwa.

Mkulu wako


19 Meyi

Achemwali,

Moni kuchokera kwa ife apansi. Ukazitape munandituma uja ndaugwira, ngakhale sindinaupitire kusukulu.

Ndinafika Loweruka m'mawa. Ababa ndinawapeza pakhonde ndi kope lawo ndi rula, wotchi ili pambali, ngati woimbira mpira. Ukangoyetsemula amayang'ana nthawi. Kopelo salola munthu kulikhudza, popita kosamba amaliika pamwamba pa kabati.

Za Amayi sindikubisirani, sizili bwino kwenikweni. Ndinayamba mochenjera, ndinati, "Koma achemwali kuzizira kumene kuja akulimba?" Anangoti, "Kaya, anthu akumwamba sayankha anthu apansi," n'kuponda makina mwamphamvu moti tebulo linkayenda. Nditakutchulaninso pa chakudya, anadzuka n'kukatsuka mbale zoyera kale. Chinanso, makina osokera awasamutsira kuchipinda kwanu, ndipo pabedi panu padzaza nsalu za makasitomala.

Ine sindikudziwa, achemwali. Mwina ndi mawu a pa depoti aja, nanunso pakamwa panu pamabaya kuposa jakisoni wanga. Koma kuchipululu zaka ziwiri? Mudzabwerako mutauma ngati chikopa cha nsapato. Kapena a Ndevu ajanso akupita komweko? Ngati ndi choncho nenani, ndiyambe kusoketsa diresi. Ndikanawafunsa Ababa, koma munati ndisafunse mwachindunji, ndipo iwo ukawafunsa kanthu masiku ano amati ulembe pa pepala.

Ganizani bwino. Ine ndekha ndikanakonda mubwere, ndatopa kukhala mwana yekhayo wouzidwa kuti wawonda.

Mng'ono wanu,
Namwino


1 Juni

Mng'ono wanga,

Zikomo, ndamva. A Ndevu ali ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi, diresi usasoketse.

Bedi langa likakhala shelefu ndiye kuti nkhani yatha. Sindikuwaimba mlandu, ndinayamba ndine. Fomu ija ndadzaza dzulo, kwangotsala kusaina, ndipo ndidzasaina mayeso akatha kuti mutu ukhale pa chinthu chimodzi. Akuti kuchipululuko kuli anthu asanu ndi anayi, galu mmodzi ndi tebulo la mpira wa patebulo lopanda mwendo umodzi. Ndikazolowera. Kunyumba usanene kanthu, ndidzawalembera ndekha.

Mkulu wako


13 Juni

Ababa,

Moni. Iyi muwerenge mutakhala pansi, magalasi mutapukuta.

Mayeso anachitika Lachiwiri m'mawa, ndipo ndinagwa chagada pamaso pa makampani atatu. M'chipinda munadzaza mabwana, ena ataimirira kumbuyo ndi makapu a tiyi. Nkhalamba inatulukira pa nthawi yake, mbale yobwereka inaigwira, pulogalamu yanga inapereka moni, yankho linabwera. Ndinayamba kudzimva. Kenako a Ndevu anailamula kuti itembenuke ijambule dambo lina lake. Chithunzi chinatsika, anachiika pa sikirini yaikulu ya kutsogolo. Ababa, dambo kunalibe. Tinaona mtaya wa zinyalala wa mzinda wina, wooneka bwino kwambiri moti matayala ankawerengeka. Bwana wina anafunsa mwaulemu ngati dambolo linasintha chaka chino.

A Ndevu sanakalipe. Anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Nkhalamba siitembenuka kamodzin'kamodzi, mafupa ake ndi akale. Ndimaiuza kuti pang'ono kumanja, ndidikire. Pang'ono kumanja, ndidikire. Pang'ono kumanja. Katatu. Iwe wapereka kangati?" Ndinatsegula kaundula wa pulogalamu. Lamulo loyamba linadutsa. Awiri enawo inataya, n'kulemba monyadira kuti obwereza. Makina atsopano amaika nambala pa lamulo lililonse, koma a a Ndevu ndi akale, saika, ndiye ine ndinkangoyerekeza mawu. Iwo anati, "Mwana iwe, munthu akanena chinthu kachiwiri si kuti nthawi zonse chingwe chachita chibwibwi. Mwina koyambako sikunakwane."

Kukonza kwake sikunavute, masiku awiri basi. Tsopano pulogalamu imaika yokha nambala pa lamulo lililonse likangochoka m'manja mwa woyendetsa, ndipo imataya pokhapokha nambala yomweyo ikabweranso. Mayeso tichitanso sabata yamawa.

Koma si zimene ndalembera. Fomu ya kuchipululu ija ndinadzaza kale, kwangotsala kusaina. Dzulo masana ndikudya, mawu a a Ndevu akuzungulira m'mutu, ndinakumbukira kope lanu la chikuto cholimba, ndipo ndinasiya kudya n'kutenga cholembera. Ababa, ndiyankheni ngati opareta mnzanu. Mukamalemba kuti palibe chatsopano kuchokera kwa Amayi, ndiye kuti sananene kanthu, kapena ananena zimene ananenapo kale?

Foni yanu ndayesa kasanu, ndikudziwa ili m'kabati. Yankhani msanga, pa 30 si patali.

Mwana wanu


22 Juni

Mwana wanga,

Ndayamba popanda moni chifukwa sindikuyenera kupereka moni. Kalata yako inafika dzulo. Ndinaiwerenga pakhonde, ndinatsegula kope, ndinawerenga mizere, kenako ndinakakhala kwa wometa ola lathunthu ngakhale ndinameta Lolemba.

Ananena, mwana wanga. Ndakopera zina kuti uone kuti kaundula yekha ndinasunga bwino.

1 Malichi, 7:10 m'mawa, akusita: "Mufunse abwera liti." Wobwereza.

9 Malichi, 12:40, tikuchokera kutchalitchi: "Mukamamulembera mufunse abwera liti." Wobwereza.

26 Malichi, 4:15 masana, atamva basi ikuima pamsewu. Mawu omwewo. Wobwereza.

17 Epulo, tsiku lako lobadwa, kawiri, m'mawa ndi masana. Wobwereza.

30 Meyi, 10:05, osandiyang'ana: "Kaya ngati mumamufunsa." Apa ndinakayika, koma ndinaona kuti tanthauzo ndi lomwelo.

Onse pamodzi ndi 43.

Palinso china, ndiulule zonse. Funso lako loti Amayi akuti chiyani ndinalipereka kamodzi, mu Epulo. Iwo anayankha kuti ndikufunse ubwera liti, ine n'kulemba wobwereza. Maulendo enawo funso lakolo ndinalitayanso, powerenga ndinkalidumpha. Za kuchipululu sindinawauze n'komwe, chifukwa opareta saliza belu chingwe chisanalumikizike.

Ndawauza zonse lero m'mawa, mokweza chifukwa cha makutu aja, moti a neba nawonso amva. Kenako mayi ako anafunsa kuti, "Zaka 38 mwakhala mukundiuza kuti tiyi wachepa shuga, ine ndinatayapo kangati?" Chiyambire pamenepo sakundilankhula. Ndinatulutsa kafoni m'kabati, ine mwini wake, n'kukatchaja kwa a neba, n'kumuimbira mng'ono wako, ndipo wafika masanawa. Tsopano uthenga wa m'nyumba muno ukudutsa mwa iye. Mayi ako ali apa, ine ndili apa, koma ndikumva kuti, "Uwauze bambo ako achotse phazi, aponda nsalu." Iwe sindinakuimbire chifukwa mayi ako aletsa. Akuti zimene akufuna kunena zilembedwe pa pepala, wolemba asakhale ine.

Ndinkafuna uone kuti bambo ako akhoza kuigwira ntchito yako. Ndinanyada kwambiri, ndipo ndakupwetekani nonse awiri. Undikhululukire. Za fomuyo sindinenanso kanthu, ndalankhula mokwanira. Iyi ndatumiza pa positi yachangu.

Bambo ako


22 Juni, mu envulopu yomweyo

Iwe mwana,

Akulemba ndi mng'ono wako, ndipo ndamuuza kuti ndikamaliza awerenge mokweza, akachotsa liwu limodzi ndidziwa.

Ndimayesa wandinyoza. Ndinkafunsa, ndinkafunsa, kalata ikabwera ndimve za a Ndevu, za mtedza, za nkhalamba ya kumwamba, nkhalamba ya kuno ayi. Ndinati chabwino, mwana waphunzira.

Za pa depoti mng'ono wako wandiuza kuti zikukudya. Zimenezo ndinaiwala basi isanakhote. Pakamwa unatengera ine, ndikanakwiya ndikanadzikwiyira ndekha. Ndinalankhula zija chifukwa ndikanakhala chete ndikanalira pa anthu, ndipo ndinali nditadzola paudala.

Akutinso ukudandaula za bedi. Makina ndinasamutsira kuchipinda kwako chifukwa zenera lako ndi limene limaona msewu. Nsalu zimachotsedwa, si njerwa.

Za kuchipululuzo ndamva lero. Sindikuletsa. Ntchito ndi yako, unaivutikira, ndipo ukapita sindidzanenanso zosiyidwa, ndaphunzira. Koma ndakusowa, mwana wanga. Lemba zimenezo iwe, usandiyang'ane. Ndakusowa kwambiri. Masowa akutha, ndipo ndikufuna ndikuone nkhope asanatheretu.

Ubwera liti?

Mayi ako

Achemwali, ndalemba zonse monga ananenera. Chinsinsi chanu ndaulula, mudzandimenye mukabwera. Namwino.


4 Julayi

Amayi, Ababa, ndi iwe kazitape wosasunga chinsinsi,

Envulopu yanu inafika pa 2 Julayi. Pa 30 Juni abwana anabwera pa desiki yanga ndi cholembera m'manja. Ndinawapempha masiku atatu, ndinati ndikudikira yankho kuchokera ku siteshoni ina yakale imene opareta wake ndi wovuta. Anandimvetsa, nawonso ali ndi makolo.

Makalata anuwo ndinakawerengera m'chipinda chosungira mawaya poti simulowa anthu, ndipo ndinalira mpaka a Ndevu anagogoda kufunsa ngati Nkhalamba yagwa. Fomu ndabweza yosasaina. Kuchipululu kupita mnzanga wina amene wakhala akusirira, ndipo abwana andiuza mosabisa kuti mwayi wotere sudzabweranso msanga. Ndamva, ndavomera. Mayeso achiwiri tinakhoza, dambo linaoneka ndi ng'ombe zake zomwe.

Amayi, inenso ndakusowani, ndipo za pa depoti zija pepani ngakhale munaiwala.

Ababa, ndakukhululukirani, lamulo lopusalo munaphunzira kwa ine. Koma chilango chilipo. Mafunso 43 sanayankhidwe, ndipo kuntchito kwathu uthenga uliwonse umayenera yankho lake. M'phukusili muli makadi 43. Muziwawerengera Amayi mokweza, limodzi pa tsiku, osadumpha.

Mwana wanu,
Kamafunso


14 Ogasiti

Mwana wanga Kamafunso,

Moni, tsopano ndaloledwanso kupereka moni. Tili bwino. Mayi ako anayamba kundilankhula pa khadi lachisanu ndi chimodzi, ngakhale mawu oyamba anali oti ndikuwerenga mothamanga.

Phukusi lako linachedwa, linafika pa 23 Julayi. Ndinatsegula makadi onse kuti ndiwaike m'dongosolo, ndipo ndinapeza kuti mwana wanga wamaphunziro walemba chinthu chimodzimodzi ka 43: "Amayi, ndibwera pa 9 Seputembala, basi ya masana." Ndinawauza mayi ako kuti mawu ndi omwewo, tikhoza kungowerenga limodzi n'kusunga mawu anga. Mmene anandiyang'anira, ndinakatenga magalasi.

Ndiye m'mawa uliwonse tikamwa tiyi amapukuta manja, amakakhala pa mpando wa pa zenera lako, amanditembenuzira khutu lakumanja limene limamvako, ine n'kuwerenga. Amafunsa kuti, "Basi ya nthawi yanji?" Ndimati ya masana. Amati, "Chabwino," n'kuika khadilo m'thumba la epuloni. Lero tawerenga la 22.

Ndawerengetsa pa kalendala, makadiwa adzatha pa 4 Seputembala, kutsala masiku anayi opanda kanthu. Ndawauza kuti mwana wanu wa masamu uja waphonya. Akuti palibe vuto, ndidzayambirenso loyamba.

Ndine bambo ako